Mawu Othokoza Onse Amene Munatithandiza Kuperekeza Mayi Athu

Papita masabata atatu chiikireni m'manda mayi athu okondedwa kumudzi kwathu kufupi ndi Mua, m'dera la Inkosi Kachindamoto m'boma la Dedza, ndipo ine monga mwana wawo woyamba ndatumidwa ndi abale anga pamodzi ndi amalume, omwe ndi eni mbumba, kuti ndilembe mawu ano. Pa tsiku la maliro mitu yathu sinkagwira, moti ambiri a inu munabwerera kwanu tisanakupatseni ngakhale moni, choncho tikupempha kuti mulandire kuthokozaku ngakhale kwabwera mochedwa.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a pachipatala cha Queen Elizabeth, chomwe mayi ankangochitchula kuti ku Gulupu, chifukwa chowasamalira mwaulemu mpaka tsiku lomwe anatisiya. Tikuthokozanso anansi athu a ku Zingwangwa amene munagona nafe pasiwa, amayi a mumphakati amene munasinthana pophika ndi kutunga madzi, ansembe ndi akwaya amene munatsogolera Misa ya maliro, mafumu amene munatipatsa malo, ndiponso adzukulu amene munalawirira kumanda kusanache. Achibale ndi anzathu a ku Johannesburg ndi kwina konse amene munatumiza chipepeso, dziwani kuti ndi thandizo lanulo tinakwanitsa kugula bokosi ndi kulipira galimoto yomwe inanyamula thupi kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Zalewa ndi ku Golomoti, mpaka kumudzi.

Koma pali gulu lina la anthu amene ife ana sitinkawadziwa n'komwe, ndipo ndi amene andichititsa kuti ndisangothokoza m'mawu awiri. Usiku woyamba wa siwa, akwaya atatopa, kunafika abambo anayi aimvi atanyamula banjo yachigubu ndi badza, n'kupempha kwa amalume ngati kunali kololedwa kuti nawonso aimbeko. Mmodzi wa iwo anafotokoza kuti ali anyamata ankaimba m'mphepete mwa msewu ku Limbe, ndipo mayi ndi amene anawasokera malaya ofanana oyamba, n'kuwauza kuti adzalipire akadzayamba kupeza kangachepe. Kutacha kunabwera ena: ochita zisudzo, alakatuli, osema ziboliboli ndi amayi ovina chimtali, aliyense ndi nkhani yake yofanana ndi imeneyi.

Mayi athu sanakwerepo pansanja, ndipo mawu awo poimba anali oti n'kungothandizira gulu basi, zomwe iwo eni ankavomereza akuseka. Anali mphunzitsi wa pulayimale amene madzulo ankakhala pakhonde ndi makina awo osokera a Singer. Chidwi chawo pa zaluso chinachokera kwawo ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo iwo ankakonda kunena kuti kumeneko n'kumene anaonera koyamba kuti munthu wosema mtengo akhoza kuphunzitsa ana ake ndi sompho, malinga ngati pali wina womugula. Kuyambira pamenepo anasankha kukhala womugulayo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Lamulungu masana tikachoka kutchalitchi, ankatitenga kupita ku French Cultural Centre, komwe lero kukutchedwa Blantyre Cultural Centre, kukaonera masewero a Kwathu kapena a Wakhumbata, gulu la malemu Du Chisiza Jr. Nthawi zina pakhomo pankakhala mnyamata amene anamuphunzitsapo, wofuna kuwalowetsa ulere, koma iwo ankakana mwamphamvu, n'kumasula mfundo ya pachitenje chawo kuti alipirire aliyense wa ife, ati chifukwa wazisudzo nayenso amagula ufa.

Nyengo ya mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi m'Malawi, ikafika, nyumba yathu inkasanduka malo osokera zovala za ana asukulu za sekondale zoyandikana nafe. Ndikukumbukira mayi atagwada pamkeka, mapini ali kukamwa, akuyesa mkanjo wa mfumu wopangidwa ndi makatani athu akale pa mnyamata wina wowonda amene ankanjenjemera ndi mantha, kwinaku akumuuza kuti abwereze mawu ake mokweza mpaka amveke kuseri kwa nyumba. Ndiyenera kuulula kuti ife ana tinkanyinyirika, chifukwa ndiwo zomwe zikanatikwanira masiku awiri zinkatha tsiku limodzi, ndipo ine ndinawafunsapo mwamwano ngati anthu amenewa analibe kwawo. Sanandiyankhe, anangondipatsa mbale kuti ndikawonjezere nsima.

Pamene tinkalongosola katundu wawo sabata yatha, tinapeza m'kabati ya makinawo kope lakale lomwe ankalembamo ngongole za anthu amene anawasokera. Masamba a makasitomala wamba ali ndi chizindikiro chosonyeza kuti analipira, koma pa mayina a magulu a zisudzo, akwaya ndi oimba anangodutsitsapo mzere, popanda ndalama iliyonse yolembedwa pambali pake. Ena mwa inu munabwera kumaliro ndi envelopu, n'kunena kuti mukubweza ngongole ya zaka zambiri zapitazo. Banja lagwirizana kuti ndalama zimenezo tazilandira ngati chipepeso, pakuti mwini kope anafafaniza kale ngongolezo ndi dzanja lake.

Tikupepesa kwa nonse amene munakonzeka kulankhula kapena kulakatula pamanda koma nthawi inachepa chifukwa cha mtunda womwe ambiri munayenera kuyenda pobwerera. Mwayi umenewo udzakhalapo pa tsiku lodalitsa chiliza, lomwe tidzakudziwitsani amalume akakambirana ndi mafumu ndi ansembe. Amayi amene munasiya mapoto, mabeseni ndi mikeka ku Zingwangwa, zonse tasunga bwino ndipo mukhoza kudzatenga tsiku lililonse madzulo. Makina osokera aja apita kwa mdzukulu wawo wamkazi amene anaphunzira kusoka pamiyendo pawo, ndipo iye walonjeza kuti ayamba ndi kumaliza madiresi asanu ndi limodzi a kwaya ya achinyamata omwe agogo ake anasiya atadula kale nsalu.

Mzimu wa mayi athu uuse mumtendere.