Ola limodzi ndi Padrón 1964 pa khonde

Ndinakulira m'chigafa cha fodya ku Kasungu, ndipo manja anga anazolowera tsamba la bale ndisanadziwe kulemba bwino dzina langa. Bambo anga anayamba kulima fodyayu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale amene kale ankalimidwa m'maesiteti mokha. Ndinathirira nazale, ndinasoka masamba, ndinapachika mikangala, ndiponso ndinathandiza kudinda mabelo pa jeke, koma pa zaka zonsezo sindinamvepo munthu akufunsa kuti fodya wathuyo amakoma bwanji. Tinkamuyesa ndi maso, ndi zala ndi sikelo, kenako ankakwera galimoto kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo nkhani yake inkathera pomwepo. N'chifukwa chake cigar (ndudu yaikulu yokulungidwa ndi masamba a fodya okhaokha) imene ndinasuta Loweruka lapitali yandikhala m'maganizo mpaka ndaona kuti ndilembe.

Anandibweretsera ndi alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anabwera nazo ziwiri m'kathumba kotsekeka, ndipo pondipatsa anati, "Alamu, inu mumadziwa fodya, mudzandiuze ngati ndalama yanga sinapite pachabe." Zinali za mtundu wa Padrón 1964 Anniversary Series, kukula kwake kotchedwa Exclusivo, zokutidwa ndi tsamba lakuda limene amalitcha maduro. Mtunduwu unatuluka mu 1994, choncho kwa odziwa si wachilendo, koma kwa ine unali watsopano kotheratu.

Sindinaisute tsiku lomwelo. Mwezi wa June ku Lilongwe mpweya umakhala wouma, ndipo nditaifinya pang'ono ndi zala ndinamva tsamba lakunja likulira ngati pepala. Aliyense amene anasankhapo bale amadziwa tanthauzo la kulira kumeneko, chifukwa ifenso tinkadzuka mbandakucha kuti tigwire fodya mame asanaume, tsamba likadali lofewa, apo ayi linkangofumbutuka m'manja. Cigar imafuna chinyezi cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti, motero ndinaziika m'botolo lagalasi lotseka bwino pamodzi ndi kapaketi kosunga chinyezi kamene kanali m'thumba lija, ndipo ndinadikira masabata atatu. Nditaitulutsa inali itafewa moti poifinya inkabwerera yokha mwakachetechete.

Chinthu choyamba chimene chimadabwitsa ndi chakuti cigar imeneyi si yobulungira. Ili ndi mbali zinayi zophwatalala ndi ngodya zofewa, chifukwa imapanikizidwa ikangokulungidwa, monga mmene ma cigar ambiri akale a ku Cuba ankakhalira. Kutalika kwake ndi mainchesi 5 ndi theka, pafupifupi masentimita 14, ndipo kunenepa kwake kumayandikira masentimita 2. Tsamba lakunja ndi lofiirira moderako ngati khofi wokazinga kwambiri, ndipo si losalala ngati silika ayi: poliyendetsa chala limamveka ndi timiyalamiyala tating'ono, komanso limasiya mafuta pang'ono pakhungu. Ndinaliyang'anitsitsa padzuwa monga mmene bambo ankayang'anira tsamba asanaliike pa mulu wake. Linalibe bowo, linalibe banga lobiriwira, mtundu wake unali umodzi kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ndipo mitsempha yake inali yopyapyala moti mzere umene tsambalo linakulungidwira unkaoneka movutikira. Pansi pa lamba wa pepala wokhala ndi dzina pali lamba wachiwiri wokhala ndi nambala yakeyake, imene kampani ya Padrón inaika pofuna kuthana ndi anthu opanga zachinyengo.

Chaka cha 1964 chimene chili pa lambayo ndi chaka chimene José Orlando Padrón anatsegula kampani yake ku Miami. Iye anabadwa mu 1926 m'banja la alimi a fodya ku Pinar del Río, ku Cuba, ndipo atachoka kwawo anafika ku America alibe kanthu. Mnzake wina anamupatsa hamala yaing'ono, iye n'kumagwira maganyu a ukalipentala mpaka anasunga madola 600 amene anayambira bizinesi, ndipo mpaka lero banjali limalemekeza hamala imeneyo ngati chizindikiro chawo. Mu 1970 anatsegula fakitale ku Estelí, ku Nicaragua, imene inatenthedwa mu 1978 pa nthawi ya nkhondo ya m'dzikolo, koma iye sanausiye fodya wa kumeneko. Fodya yense wa mu cigar imene ndinagwira, kuyambira wam'kati mpaka tsamba lakunja, ndi wa ku Nicaragua, ndipo kampaniyi imanena kuti amasungidwa zaka 4 asanakulungidwe. Zaka zinayi zimenezi ndi zimene ndinkafuna kumva ndi lilime langa, popeza fodya wa kwathu ankachoka pakhomo miyezi yochepa chabe atathyoledwa.

Ndinakhala pa khonde dzuwa litapendeka, ndili ndi kapu ya tiyi wopanda mkaka ndi tambula ya madzi. Ndinadula kachipewa ka kumutu pang'ono kwambiri, chifukwa ukadula mopitirira tsamba lakunja limayamba kumasuka. Ndisanayatse ndinakoka mpweya kuti ndimve fodya wosapsa, ndipo ndinamva koko, udzu wouma, ndi kafungo kena kamene kanandibwezera m'chigafa cha bambo mwezi wa March, pamene masamba asanduka ofiirira koma sanaumitsitse. Mpweya unkadutsa mosavuta, mwinanso mosavuta kuposa mmene ndinkayembekezera pa chinthu chopanikizidwa chotero. Poyatsa ndinagwiritsa ntchito machesi atatu, ndikudikira kuti fungo la mutu wa machesi lithe kaye, ndipo ndinawaula kumapazi kwake mozungulira popanda kugunditsa lawi, mpaka m'mphepete monse munafiira.

Utsi woyamba unabwera wochuluka, woyera ndi wolemera, ndipo unali ndi tsabola. Sanali tsabola wowotcha ngati kambuzi, koma wofanana ndi tsabola wakuda wopera, amene amanyerenyetsa kumbuyo kwa lilime ndi m'mphuno. Patapita mphindi pafupifupi zisanu ukali umenewu unatsika, ndipo m'malo mwake munabwera kukoma kumene ndingakuyerekeze ndi chokoleti chakuda chosatsekemera kwambiri, chosakanikirana ndi khofi wa ku Mzuzu wophikidwa mokhathamira. Utsi wa cigar sumezedwa ngati wa ndudu wamba. Umausunga m'kamwa kamphindi, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, ndipo ukafuna kumva zambiri umatulutsira kachigawo kochepa m'mphuno. Nditachita zimenezi koyamba maso anga analengeza misozi, koma kachiwiri ndinamva fungo la dothi limene limatuluka mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma, ndipo fungo limeneli silinachoke mpaka kumapeto.

Chigawo chapakati ndicho chinandigwira mtima, ndipo ndi pamene ndinaiwala tiyi mpaka anazizira. Tsabola uja anangotsala kutali, utsi unafewa n'kukhala ngati uli ndi mafuta, ndipo kunabwera kukoma kwa mtedza wokazinga m'phale, uja umachotsedwa pamoto khungu litangoyamba kuthetheka. Pansi pa zonsezi panali kutsekemera kwa manyuchi, kumene sikunkamveka pokoka utsi koma pambuyo pake, mkamwa mutatsala mopanda kanthu. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi chimene munalibe. Ndili mnyamata ndinalawapo chingambwe chimene agogo ankapichira okha, ndipo ndimakumbukira kuwawa kwake, kukanda kukhosi, ndi fungo lobaya m'mphuno. Mu cigar iyi munalibe chilichonse cha zimenezo, ngakhale kuti mphamvu ya fodya inalimo yambiri.

Chifukwa chake chili m'ntchito imene imachitika tsamba likachoka m'chigafa. Fodya wa cigar amaumitsidwa ndi mpweya monga bale wathu, koma akauma amanyowetsedwa pang'ono n'kuunjikidwa m'milu ikuluikulu imene ku Nicaragua amaitcha pilones. Kumeneku ndi kuvundika, monga timachitira ndi nthochi. Chifukwa cha kulemera kwa masamba ndi chinyezi, m'kati mwa mulu mumatentha mokha, ndipo kutenthako kukafika pamlingo woyenera antchito amaphwasula mulu wonse, amakutumula masamba, n'kuumanganso, akunja kuwaika m'kati ndipo am'kati kuwaika kunja. Amabwereza zimenezi kwa miyezi yambiri, ndipo m'kupita kwa nthawi amoniya amene amabaya m'mphuno amatuluka, kuwawa kumachepa, ndipo mtundu wa tsamba umadera. Tsamba la maduro limavundikidwa nthawi yaitali kuposa ena, n'chifukwa chake limada chonchi ndi kutsekemera popanda kuthiramo shuga. Ifenso tinkadziwa kuti fodya wonyowa akaunjikana amatentha, koma kwa ife kutenthako kunali tsoka, chizindikiro chakuti belo liola ndipo libwezedwa ku okushoni. Sindinaganizepo kuti moto womwewo, ukamayang'aniridwa tsiku ndi tsiku ndi munthu wodziwa, ndi umene umapangitsa tsamba kukoma.

Kapsedwe kake nakonso kanasonyeza luso la amene anaikulunga. Mzere wa moto unali wopyapyala ndi wowongoka, ndipo unangopendekera kamodzi kokha pamene kamphepo ka madzulo kanaomba mbali imodzi. Ndinatembenuza mbali yotsalirayo kuti iyang'ane pansi, ndipo patapita mphindi zochepa unawongoka wokha popanda kuyatsanso. Phulusa linali lotuwa moyera, lolimba, lokhala ndi timizere topingasa tosonyeza paliponse pamene ndinakoka utsi, ndipo linagwira mpaka masentimita atatu lisanagwe lokha. Zimenezi zimatheka chifukwa m'kati mwake muli masamba athunthu opindidwa m'litali, osati fodya wodulidwadulidwa, ndipo wokulunga amasakaniza masamba ochokera m'malo osiyana a mtengo. Akunsonga, amene amawatcha ligero, ndi okhuthala ndi amphamvu koma amapsa mochedwa, motero amaikidwa pakati penipeni, pamene masamba opyapyala a m'munsi amawazungulira kuti moto uziyenda.

Sindinganene kuti zonse zinali zangwiro. Chifukwa mpweya umadutsa mosavuta, cigar imeneyi imafulumira kutentha munthu akamakoka pafupipafupi, ndipo nditalowa chigawo chomaliza ndinalakwitsa pokoka katatu motsatizana. Nthawi yomweyo kukoma kwa mtedza kunathawa, ndipo kunabwera kuwawa kwa khofi wopserera. Ndinaiika pansi kwa mphindi ziwiri, ndinauzira mpweya kunja kudzera m'kati mwake kuti utsi wakale utuluke, ndipo inabwerera, ngakhale kuti sinafikenso pa kufewa kwa pakati paja. Chigawo chomalizachi chinali cholemera, cha dothi, chikopa ndi nkhuni, ndipo tsabola uja anabweranso. Apa ndi pamenenso mphamvu ya chikonga inandipeza: mutu unapepuka, m'manja munachita thukuta, ndipo ndinathira shuga m'tiyi wozizira uja n'kumwa. Amene sanazolowere asayerekeze kuisuta ndi njala. Ndinaisiya itatsala masentimita atatu, patadutsa ola limodzi ndi mphindi khumi, ndipo sindinaitswanye ngati ndudu koma ndinaileka kuti izime yokha, popeza kuitswanya kumatulutsa fungo loipa.

Ndiyenera kunena poyera kuti cigar ndi fodya basi, ndipo kukongola kwake sikuchotsa kuopsa kwake. Ngakhale utsi sumezedwa, umakhudza milomo, lilime ndi kukhosi, kumene khansa imatha kuyambira, ndipo chikonga chimalowa m'magazi kudzera m'kamwa. Ine ndimasuta mwa apo ndi apo, ndipo amene sanayambe sindingamulimbikitse kuti ayambe chifukwa cha zimene ndalembazi. Mtengo wakenso umandipweteka mtima ndikauganizira, chifukwa cigar imodzi yotereyi, yolemera magalamu ochepa chabe, imagulidwa ndalama yoposa imene mlimi wa bale amalandira pa makilogalamu angapo. Bale wathu ndi mbewu ina, ndipo ambiri amakathera m'ndudu wamba atasakanizidwa ndi fodya wa m'mayiko ena, choncho sindikunena kuti tingangomukulunga n'kupeza Padrón. Komabe ku Maputo ndi ku Harare anthu anayamba kale kukulunga ma cigar ndi manja, ndipo tsamba lokutira la ku Cameroon limalemekezedwa padziko lonse, zimene zimandichititsa kufunsa kuti dothi la ku Kasungu likanapereka kukoma kotani tsamba lake likanapatsidwa zaka zinayi.

Alamu anga ndinawaimbira usiku womwewo n'kuwauza kuti ndalama yawo sinapite pachabe. M'mawa mwake ndinatenga kachidutswa kotsala kaja, ndinakang'amba ndi lezala m'litali, n'kuyala masamba ake patebulo. Ndinachotsa tsamba lakunja, kenako lomangira, lokhuthala ndi losaoneka bwino, ndipo m'kati ndinapeza masamba opindidwa mosamala, ena opyapyala ofiirira, ndi lina lakuda lokhakhala limene ndinalizindikira msanga kuti ndi lakunsonga. Cigar yachiwiri ikadali m'botolo. Ndidzapita nayo ku Kasungu mwezi wamawa, ndipo ngakhale bambo sasuta, ndikufuna adzaigwire, adzainunkhize, ndi kundiuza kuti tsamba lakunjalo akanaliika pa mulu uti.