Mipando Yofunda pa Ulendo wa ku Namwera

Msewu wa M3 ukachoka pa boma la Mangochi umawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kenaka umayamba kukwera mapiri mokhotakhota kulowera ku Namwera ndi ku Chiponde, kumalire a dziko lathu ndi Mozambique. Amene anayendapo m'mwezi wa June amadziwa kuti kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, malaya amodzi amakwana, koma munthu akafika pamwamba madzulo amayamba kufunafuna juzi. Ine ndinakwera mapiriwo ndi alamu anga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo anabwera kutchuthi ndi pikapu yatsopano ya zitseko zinayi. Tinanyamula matumba a simenti a achibale amene akumanga nyumba kufupi ndi Namwera, ndipo tinagona komweko.

Njira yonse alamuwo ankanyadira zinthu ziwiri pa galimotoyo: kuti amatha kuiliza ali patali pogwiritsa ntchito rimoti, ndiponso kuti mipando yake yakutsogolo imafunda yokha. M'mawa kutacha, chifunga chili tolo m'minda, anaima pakhonde atafunda bulangeti, n'kudina batani lokhomera zitseko kamodzi ndi batani lina kawiri. Magetsi anaphethira, injini inalira m'galimoto mopanda munthu, ndipo ana amene ankasesa pabwalo anataya matsache n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Titamaliza kumwa tiyi tinakalowa, koma chikopa cha mpando chinali chozizira ndithu.

"Alamu, kufunda kuja mumanenaku kuli pati?" ndinafunsa motero.

"Musafulumire, alamu," anayankha akuseka. "Kuzizira kwa kunoku galimotoyi sikuiopsa."

Yankho lawo linali loona, ndipo chifukwa chake chili m'mene mpandowo anaupangira. Pansi pa chikopa pali kansalu kopyapyala kolukidwa ndi mawaya ang'onoang'ono, kena pokhalira, kena potsamira msana. Magetsi a galimoto akamadutsa m'mawayawo amatentha, monga zimakhalira ndi ayironi yositira zovala, kungoti kutentha kwake n'kochepa kwambiri. Mumpando momwemo muli kachipangizo koyeza kutentha, kamene kamauza kompyuta yaing'ono kuti idule magetsi mpando ukafika pa mlingo umene munthu wasankha, ndi kuwabwezeretsa ukayamba kuzizira. Ubwino wake ndi wakuti mpando sudikira injini. Hita ya m'galimoto imatenga kutentha kuchokera m'madzi oziziritsa injini, ndipo injini ya dizilo imene ikungolira pamalo amodzi imachedwa kutentha, pamene mawaya a mumpando amayamba ntchito magetsi akangofika. N'chifukwa chake anthu a kumayiko achisanu anaikonda nzeruyi, moti kampani ya Saab ya ku Sweden inayamba kuika mipando yotereyi m'magalimoto ake kale mu 1972.

Nkhani imasintha injini ikalizidwa ndi rimoti, chifukwa m'galimoto mulibe munthu wodina batani la mpando. Imene imagamula ndi kompyuta, ndipo imayang'ana kaye ngati mwini galimoto anavomereza zimenezi pa sikirini ya pa dashibodi, kenaka imafunsa kachipangizo kena koyeza kutentha kwa panja. Buku la malangizo a pikapu ya Ram 1500 ya ku America limanena mosabisa kuti mpando wa dalaivala ndi chiwongolero zimayamba kufunda zokha panja pakazizira kuchepera madigiri 4.4 pa sikelo ya Celsius. Makampani ena ali ndi malire awoawo, koma onse amaganizira za kuzizira kwenikweni kwa kumayiko kumene madzi amaundana. M'mawa umenewo ife tinkanjenjemera, komabe dashibodi inkaonetsa madigiri opitirira 10, choncho kwa kompyutayo kunja kunali bwinobwino.

Pali zina zimene zimasokoneza eni magalimotowa ngakhale kumene kumazizira kokwanira. Pa Ford F-150 mwini galimoto amasankha yekha pa sikirini ngati mipando iziyaka pa nthawi ya rimoti kapena ayi, ndiponso ngati injini izilira mphindi 5, 10 kapena 15 isanazime yokha. Pa mitundu ina ya pikapu ya Chevrolet Silverado timagetsi ta pa batani la mpando sitiyaka pa nthawiyi ngakhale mawaya akutentha, ndipo dalaivala akalowa n'kuyatsa galimoto mwa masiku onse, kutenthako kumaleka mpaka atadina batani ndi chala chake. Buku la galimoto imeneyi limachenjezanso kuti mpando wopanda munthu sufunda kwambiri. Zimenezi n'zomveka, pakuti thupi la munthu ndi limene limakanikiza chikopa pa mawaya ndi kutsekereza kutentha kuti kusauluke ndi mpweya.

Ife tinangodina mabatani athu tokha, ndipo tisanadutse msika wa Namwera ndinayamba kumva kufunda kukukwera pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno kupita kumsana. Ndiyenera kuvomereza kuti n'kokoma, makamaka kwa munthu amene wagona pamphasa. Amalume amene tinawatenga kupita nawo ku boma, omwe amadandaula msana nthawi zonse, anapempha kukhala kutsogolo, koma asanakhale anafuna kuyala chitenje chopindapinda pampando monga timachitira m'magalimoto athu poteteza chikopa. Alamu anawaletsa mwaulemu. Mabuku a magalimotowa amakaniza kuika bulangeti, khushoni kapena chilichonse chokhuthala pampando woyaka, chifukwa kutentha kumaunjikana pansi pake ndipo mawaya akhoza kuwonongeka. Amachenjezanso anthu amene khungu lawo silimva msanga, monga ena odwala matenda a shuga ndi okalamba, kuti akhoza kupsa osazindikira ngakhale mpando uli pa mlingo wotsika. Amalumewo anakhala pa chikopa chenicheni, mlingo uli wotsika, ndipo pofika pakati pa phiri anali atayamba kusinza.

Titatsikira kuchigwa, nyanja ya Malombe ikuonekera chapatali, tinazimitsa mipandoyo n'kutsegula mawindo. Apa m'pamene ndinaona kuti kwa munthu wokhala pa boma la Mangochi, ku Monkey Bay kapena ku Makanjira, mbali yothandiza ya rimotiyi ndi yoziziritsa. M'miyezi ya October ndi November galimoto imene yakhala padzuwa imatentha moti chiwongolero sichigwirika, ndipo kuiliza uli pamthunzi kumapereka mpata woti makina oziziritsa mpweya ayambe ntchito usanalowe. Mapikapu ena ali ndi mipando ya chikopa chobowolabowola yokhala ndi timafani mkati, ndipo pa Ram 1500 yomwe ija timafanito timayaka tokha panja pakatentha kupitirira madigiri 26.7, mlingo umene kuno kunyanja timaudutsa masiku ambiri pa chaka. Wogula pikapu yoti izikhala m'chigwa muno angachite bwino kufunsa za mipando yamtundu umenewu poyamba.

Za akuba alamu sada nkhawa, chifukwa injini ikalizidwa ndi rimoti zitseko zimakhala zokhoma, giya amakhala pa P (poimika galimoto), ndipo galimoto siingayende popanda kiyi wake mkatimo. Chimene amasamala ndi malo: sailiza m'galaja yotseka, poopa mpweya wakupha wa mu utsi umene suoneka ndiponso sununkha. China ndi mafuta. Pamene tinaima pa malo omwetsera mafuta pa boma, anandiuza kuti ku Johannesburg, kumene m'mawa wa June kumagwa chisanu, amailiza tsiku lililonse asanatuluke m'nyumba, koma kuno, kumene dizilo ndi wokwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa, anaitsitsa kuti izilira mphindi 5 zokha.