Lero Wafika Yekha Pamsika

Lero mng'ono wanga wakwera yekha minibasi mpaka pamsika wa Mangochi, wabwerako ndi utaka m'jumbo. Ine misozi mbwee! Chaka chathunthu osatuluka pageti, kuopa kuti kubanika ndi kuthamanga mtima kuja kukamupeza pagulu, agwa.

Uphungu woyamba unali wongokambirana zakale za ubwana wake. Ankapepukidwa ndithu mumtima, koma pakhomo osachoka. Ine ndaona kuti uphungu wina wotchedwa CBT, wophunzitsa munthu kusintha maganizo ndi zochita zake, ndiwo wamudzutsa. Mlangizi adamuphunzitsa kuti mantha aja amafika pachimake m'mphindi ngati 10, kenako amatsika okha, sapha munthu. Ndiye kuyeserera pang'onopang'ono: lero kugolosale, mawa pamlatho wa Bakili Muluzi, osathawa mtima ukayamba kugunda.

Loweruka akuti akufuna akafike ku Monkey Bay.