Makanema ayamba kuoneka pa laputopu yakale ija

Loweruka

Ndaika Fedora, mtundu wina wa Linux, mu laputopu yakale ija, ndipo zonse zikuyenda kupatula makanema. A pa YouTube akuoneka bwinobwino, koma pa masamba ena Firefox ikungondipatsa kabokosi kakuda bii. Manja anathamangira zomwe anazolowera kalekale: kusaka fayilo ya libflashplayer.so, ya pulagini ya Flash yomwe kale inkaonetsa makanema pa masamba, kuti ndiiponye mu foda ya ~/.mozilla/plugins. Ola lathunthu linapita ndisanakumbuke kuti Flash inatha. Adobe inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020, ndipo kuyambira Firefox 85, ya mu Januwale 2021, ngakhale uiike bwanji siitsegulidwa. Ndinadziseka ndekha.

Lamlungu

Nkhani yake ili pa ma codec, timapulogalamu tomasula kanema kuti aoneke. YouTube imakonda kutumiza VP9 kapena AV1, zomwe Firefox imamasula yokha. Masamba ena ambiri amadalira H.264, ndipo apa Firefox ya pa Linux imabwereka ffmpeg, pulogalamu yokhala ndi ma codec ambiri, yomwe ili m'kompyutamo. Ya mu Fedora ndi ffmpeg-free, yomwe anaichotsa zina chifukwa cha malamulo a ma patent. Ndinawonjezera RPM Fusion, nkhokwe ya mapulogalamu omwe Fedora siyipereka, kenako ndinalemba lamulo losinthira ku ffmpeg yathunthu:

sudo dnf swap ffmpeg-free ffmpeg --allowerasing

Kabokosi kakuda kanali pomwepo. Mtima unagwa, ndinayamba kuganiza zoyambiranso zonse, chikhalirecho ndinali ndisanatseke Firefox. Nditaitseka n'kuitsegulanso, kanema uja anayamba.

Makanema olipira ali ndi loko wawo, DRM. Ndinachonga "Play DRM-controlled content" mu Settings, Firefox n'kudzitsitsira Widevine ya Google, yotsegula loko ameneyu. Kusiyana kwake kuli pa ma update: Widevine imatsitsidwa ndi Firefox yokha, pomwe ffmpeg imadikira dnf upgrade yanga. Ndikaiwala, palibe wondikumbutsa.

Lachiwiri

Makanema akuoneka, koma fani ikulira ngati ikufuna kuuluka. Purosesa yake ndi Intel ya 2012, ndipo VP9 ikuimasula ndi mphamvu zake zokha, mbali ya zithunzi ili phee. Ndinaika libva-intel-driver ndi libva-utils, n'kulemba vainfo kuti ndione ma codec omwe mbali ya zithunziyo imatha kumasula. H.264 ili pamndandanda, VP9 ndi AV1 mulibe.

Ndiye ndaika h264ify, yomwe imakakamiza YouTube kutumiza H.264. Makanema sakupitiriranso 1080p, koma sikirini yaing'ono ngati iyi 4K ndiichita nayo chiyani? Fani yatonthola, miyendo sikupsanso. Zachilendo ndithu kuti codec yomwe inandivutitsa Lamlungu ndi yomwe lero ndikuipempha.

Kwatsala foda ya timasewera ta Flash (.swf) tomwe ndinasunga zaka zambiri zapitazo. Ndayesa Ruffle, yomwe imatsanzira Flash popanda pulagini yakaleyo. Masewera awiri atseguka, achitatu aima pa chithunzi choyamba nyimbo ikungolira. Amenewo ndilimbana nawo Loweruka.