Yudasi anasankhidwira chiyani?

Sabata ino m'kalasi yathu ya Chipangano Chatsopano kuno ku Zomba tinali pa Uthenga wa Yohane, ndipo nkhani ya Yudasi yandikhala pamtima. Pa Yohane 6:70 Yesu akunena kuti anasankha onse khumi ndi awiri, komabe mmodzi mwa iwo ndi mdierekezi. Pa 13:18 akuti sakunena za onse, akuwadziwa amene anawasankha. Nanga Yudasi ali mbali iti?

Aphunzitsi anatilangiza kusiyanitsa kusankhidwira ntchito ndi kusankhidwira chipulumutso, monga anamasuliranso John Calvin, katswiri wa zaumulungu wa m'zaka za m'ma 1500. Utumwi Yudasi anaulandiradi. Dzina lake linatchulidwa Yesu atachezera usiku wonse kupemphera paphiri (Luka 6:12-16), anatumidwa kukalalikira pamodzi ndi anzake, thumba la ndalama ankasunga ndi iye. Koma posambitsa ophunzira mapazi, Yesu ananena poyera kuti si onse amene ali oyera.

Mnzathu wina anafunsa zimene tonse tinkaopa kufunsa: ngati Salimo 41:9 linaneneratu za kuperekedwa kwa Yesu, Yudasi analakwanji? Apa ndi pomwe ndakhalitsa. Salimolo ndi dandaulo la Davide pa bwenzi limene ankadya nalo, ndipo Yesu akulitenga kukhala lake. Luka 22:22 akuika zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi: Mwana wa Munthu apita monga kunaikidwiratu, koma tsoka kwa wompereka. Ine ndikuona kuti ulosi sunamugwire dzanja Yudasi. Kuba m'thumba anayamba kale (Yohane 12:6), ndipo pobweza ndalama 30 zasiliva zija sanadzikanire kuti zinalembedwa. Anati wachimwa popereka mwazi wosalakwa.

Chondikhudza kwambiri ndi Petro. Nayenso kugwa kwake kunanenedweratu, ndipo anakanadi katatu. Sindipeza paliponse pamene Malemba akuti anali wolimba kuposa Yudasi. Chimene ndikupeza ndi Luka 22:32, pomwe Yesu akuti anamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisathe. Atumwi khumi ndi mmodzi aja sanapulumuke chifukwa cha utumwi wawo, anasungidwa ndi Ambuye wawo (Yohane 17:12). Kwa ife amene tikukonzekera kutumikira mumpingo, zimenezi n'zoopsa ndithu.

Machitidwe 1 akutsimikiza kusiyana kuja kwa ntchito ndi chipulumutso. Pamaso pa anthu pafupifupi 120, Petro anavomereza kuti Yudasi anali ndi gawo mu utumikiwo, natchula Salimo 109:8 lakuti udindo wake autenge wina. Anapemphera, anachita maere, ndipo udindowo unagwera Matiya.