Tsiku limene Pijo ya malume inaphika phala

Malume atamwalira, abale anagawana katundu mofulumira ngati ogula usipa ku Senga Bay ngalawa ikangokocheza. Wina njinga, wina mbuzi, wina mpaka malata a pa khola. Ine anandisiyira chimene aliyense anachilambalala: Peugeot 504 ya 1976, yomwe inakhala pansi pa mtengo wa mango kwa Khombedza zaka 11, nkhuku zikuikiramo mazira.

Nditaikoka kufika nayo kunyumba, mayi a Tadala anaizungulira kamodzi, manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tadala, khola la nkhuku tili nalo kale. Lachiwirili n'lachiyani?"

Sindinawayankhe. Iwo ankaona chiphapha, ine ndinkaona malume ali mu suti yawo ya ku Joni, chigongono chili pa windo, ana tikuthamangira fumbi lawo. Malumewo anabwerako ku migodi mu 1974, chaka chimene a Kamuzu anaimitsa zopita ku WENELA, ndipo galimotoyi anadzaigula pambuyo pake kwa munthu wina ndi ndalama za thonje. Akakhuta ankatiphunzitsa mbiri yake ngati katekisimu. Inayamba kupangidwa ku France mu 1968, chaka chotsatira n'kusankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya konse, ndipo mu 1975 inawina mpikisano wa Safari Rally ku Kenya. Amati Azungu atasiya kuipanga, anthu a ku Kaduna ku Nigeria anapitiriza, chifukwa misewu yathu ndi Pijo zimadziwana. Zonsezi zinali zoona. Chimene malume sanatiuze n'chakuti galimoto nayo imakalamba kuyambira m'mimba.

A Bwanali, makaniko amene garaja yawo ndi mthunzi wa mtengo cha ku Kamuzu Road, anakhala nayo masabata atatu. Anatsuka kabureta, anasintha mapulagi, anaika batire ina, anachotsa chisa cha makoswe pansi pa mpando. Tsiku limene injini inatsokomola n'kulira, ndinagula Fanta garaja yonse. Koma mkuluyo anandikokera pambali, n'kugogoda radiyeta ndi sipana.

"Achimwene, iyi yatha ndi dzimbiri. Ikufunika kuwotcherera, apo ayi tipeze ina. Musanayambe zodzoladzola, yambani ndi pano."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima unali kale pa penti. Radiyeta amaiona ndani? Munthu akaima pamsewu saona za pansi pa boneti.

Ndiye ndinayamba ntchito yanga yeniyeni, yobwezera galimoto ku zaka za m'ma 1970, koma mwa ine mwini. Wopopera penti atanditchulira mtengo ndinamva chizungulire, choncho ndinapita ku hadiweya n'kugula penti ya mafuta, ija timapaka zitseko ndi mawindo. Pansi yobiriwira, denga la mtundu wa mkaka. Ndinapaka ndi burashi, katatu konse, yachiwiri ndikuipaka yoyamba isanaume. Kamphepo kanabwera ndi fumbi ndi tizilombo, zonse n'kumatirira pa boneti. Ukaima patali inkawala bwino. Ukayandikira inkaoneka ngati mkate wogwera mumchenga.

Pa Facebook ndinaona magalimoto akale okhala ndi mkombero woyera m'mbali mwa matayala. Kwa eni ake, kuyerako ndi labala yoyera yopangidwira m'tayala momwemo ku fakitale. Ine ndinali ndi laimu wotsala popaka kuchimbudzi. Mipando ndinaikuta ndi zitenje zinayi zimene telala wa pakhonde anandisokera, ndipo ziwiri mwa izo ndinazipeza m'sutikesi ya mayi a Tadala, nkhani imene mpaka lero imatuluka tikangoyambana pang'ono. Chiongolero ndinachikulunga ndi mikanda. Ndinapezanso wailesi ya kaseti pamsika, yomwe inkadya tepi iliyonse koma inkakongoletsa. Pa galasi lakumbuyo mnyamata wolemba masaini analemba kuti CHAKALE N'CHAKALE.

Chonyadira changa chachikulu chinali chikopa. Ndinkafuna dashibodi ya ubweya, ndiye ndinapita kwa wootcha kanyenya n'kugula chikopa cha mbuzi ya mawangamawanga, chongosenda m'mawa womwewo. Anthu odziwa amachipala mafuta onse, kuchithira mchere wambiri, n'kuchiyanika pamthunzi masiku angapo. Ine ndinachiyanika pa denga masiku awiri, chitauma kunja n'kuchimata ndi guluu. Chinali chachikulu moti chinaphimba ndi mawotchi omwe, kuphatikizapo kaja kosonyeza kutentha kwa injini. Ndinati palibe kanthu, woyendetsa weniweni amamva galimoto ndi khutu.

Nthawi yomweyo alamu anga, mlongo wawo wa mayi a Tadala, ankakonzekera ukwati. Kudalitsa ku tchalitchi pa boma, madyerero ku Senga Bay m'mbali mwa nyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Pa msonkhano wa komiti atafika pa nkhani ya galimoto ya akwati, ndinaimirira ndisanaitanidwe.

"Musataye ndalama. Akwati ndinyamula ndine. Magalimoto a ku Japan aliyense wakwerapo, koma iyi anthu adzaikamba zaka."

Pa mawu amenewa ndiye sindinaname.

Lachisanu madzulo ndinapeza kadziwe pansi pa galimoto. Ndinathamangira ku garaja, n'kupeza a Bwanali apita kumaliro ku Nkhotakota. Panatsala kamnyamata kawo kopatsira masipana, ndipo kanandiuza nzeru ya madalaivala akale: ufa pang'ono m'radiyeta. Madzi akamazungulira, timisere timakakamira pobooka, n'kufufuma, dzenje n'kutsekeka.

"Masupuni awiri okha, bwana. Musapitirire."

Ndili kunyumba ndinawerengera ndekha. Masupuni awiri ndi a dzenje limodzi. Yanga inkadontha malo asanu. Ndinalowa kukhitchini n'kutapa mgaiwa kapu ndi theka, ndi kena kapamwamba kuti ulendo ndi wa ulemu. Kudontha kunasiyadi. Ndinagona ngati injiniya.

Loweruka linali la mu Okutobala, ndipo amene anakhalapo ku Salima mwezi umenewo akudziwa kuti ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Ndinavala buluku lotambalala kumiyendo ndi malaya a kolala yaikulu, zonse za pa kaunjika. Agogo ena pa tchalitchi anandiyang'ana n'kunena kuti nthawi ya a Kamuzu buluku lotere likanandigoneka kupolisi. Ndinapempha kuti magalimoto onse atsogole, ife tibwere pambuyo penipeni, kuti tikafike anthu atakhala kale pansi, maso onse ali pa geti.

Akwati anakhala kumbuyo, wogwirizira mkwati kutsogolo ndi ine. Giya ya Pijo imeneyi ili pa chiongolero, ndipo ndinaiponya mwaulemu ngati mmene ankachitira malume. Pa Kamuzu Road anthu anasiya malonda. Akabaza ankaliza mabelu, amayi nthungululu, ine chigongono pa windo.

Vuto loyamba linachokera ku mbuzi. Galimoto inali itakhala padzuwa maola atatu mawindo ali otseka, ndipo chikopa chija chinadzuka. Fungo lake sindingalifanizire ndi china, koma ntchentche za m'boma lonse zinalimva n'kubwera ku ukwati. Chotsitsira mawindo chinali chimodzi m'galimoto yonse, ndiye tinkapatsirana: ine nditsitse, ndichizule, ndipereke kumbuyo. Mkwatibwi anaphimba mphuno ndi maluwa ake. Agalu awiri anatitsatira kuchokera pa msika, osauwa, akungothamanga mwachiyembekezo.

Titadutsa theka la ulendo, injini inayamba kulira mwa mtundu wina, ngati munthu wolankhula nsima ili m'kamwa. Kenako fungo linasintha. Mlamu wanga watsopanoyo, amene anali chete njira yonse, anachotsa maluwa pamphuno.

"Alamu, kodi ndani akuphika?"

Ndinatukula chikopa kuti ndione kawotchi kaja. Muvi wake unali utadutsa pofiira, utatsamira kukhoma. Nthunzi inayamba kufuka m'mbali mwa boneti, galimoto inanjenjemera kawiri, n'kuzima pakati pa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa mango.

Aliyense amene anagwirapo galimoto amadziwa kuti chitsekerero cha radiyeta yotentha sachitsekula. Inenso ndinkadziwa. Koma anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo munthu wovala buluku ngati langa sangaime manja lende. Ndinakulunga mpango kudzanja, ndinauza wogwirizira mkwati kuti agwire boneti, n'kupotokola.

Chimene chinatuluka sanali madzi. Linali phala. Phala lenileni la mgaiwa, lakupsa bwino, lofiirira ndi dzimbiri, likuphulika kuti phwa! phwa! ngati mumphika wa pamaliro. Ndinadumphira kumbuyo, koma buluku lotambalala lija linawakha gawo lake, ndipo suti yobwereka ya mnzangayo inalandira lotsala. Mwamwayi tinangopsa pang'ono m'manja. Ufa uja unali utatseka mabowo asanu aja, n'kutsekanso timapaipi tonse ta radiyeta, madzi osayendanso.

Panali zii kwa kanthawi. Kenako kamwana kena, kali ndi mango kukamwa, kanasuzumira mu injini n'kundiyang'ana.

"Amalume, shuga muli naye?"

Amayi a mango aja anagwa nacho chiseko, wina mpaka kukhala pansi. Mkwatibwi potuluka anatsamira chitseko, ndipo penti yanga ya zitseko, yomwe dzuwa linali litaifewetsa, inamusindikiza mzere wobiriwira pa diresi kuyambira m'chiuno mpaka pabondo. Laimu wa m'matayala anali atayoyoka kale, kusiya kanjira koyera kochokera ku tchalitchi, ngati kuti wina angafune kutilondola.

Alamu anaimba foni ku Senga Bay. Minibasi inali itabwerera kukatenga anthu ena, ndipo mafoni a ankhoswe sankamveka chifukwa cha zoimbira. Apa ndi pamene akabaza anayi, amene anaima kuti aonerere, anayandikira mwaulemu. Mkwatibwi anakwinya diresi, anakhala cham'mbali pa khushoni ya njinga, maluwa m'manja. Mwamuna wake pa njinga yachiwiri, wogwirizira ndi phala lake pa yachitatu. Yachinayi inanyamuka yopanda munthu, ikuliza belu kutsogolo ngati ya apolisi operekeza nduna. Ndinamva pambuyo pake kuti atalowa pa geti anthu anaimirira n'kuwomba m'manja, poganiza kuti zinakonzedwa dala, ndipo perekaniperekani anayenda bwino kuposa mmene komiti inkayembekezera.

Ine ndinatsala pamsewu ndi agalu awiri aja, omwe kudikira kwawo kunapindula, chifukwa phala litazizira ananyambita bampala yonse. Madzulo ndinagwirizana ndi mwini ngolo, ng'ombe ziwiri n'kukoka galimoto yomwe mtundu wake unawina Safari Rally. Tinadutsanso pa Kamuzu Road pomwe paja, pang'onopang'ono, kuti aliyense awerenge bwino za pa galasi lakumbuyo.

A Bwanali atabwerako kumaliro anasuzumira m'radiyeta, anapalamo ndi sikuludiraiva, n'kutulutsa nkhoko.

"Achimwene, mukanathira ufa woyera. Mgaiwa umapserera."

Ku banja la akazi anga tsopano amanditchula kuti a Phala, ndi apongozi omwe, amene kale sankanditchula n'komwe dzina. Pijo ili kuseri kwa nyumba, ikudikira radiyeta ya ku Lilongwe. Chikopa ndinachimatula n'kuchikwirira kudimba. Dzulo mayi a Tadala anandiitana kuti ndidzaone: nkhuku yathu yakuda yakhala pa mpando wa dalaivala, pa chitenje chawo chija, ikufungatira mazira asanu ndi awiri, ndipo andichenjeza kuti ndisayerekeze kuliza injini mpaka itaswa.