Mmene anandipezera matenda a Takayasu

Zinayamba ndi dzanja lamanzere. Ndikamachapa, ndisanamalize n'komwe zitenje ziwiri, linkalema ngati ndasinja tsiku lonse. Madzulo thupi linkatentha pang'ono, ndipo ndinkangoonda. Anandiyeza malungo kawiri, osapezeka. Ndinapereka makhololo kuti aone ngati ndi TB, osapezekanso kanthu.

Amene anatsegula njira ndi namwino wina wachikulire. Anandigwira pamkono nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, tabweretsani dzanja linalo." Kumanja magazi ankagunda bwinobwino, kumanzere kunali zii. Anayeza BP manja onse awiri, manambala n'kusiyana kwambiri. Ndinamva pambuyo pake kuti akasiyana ndi kupitirira 10, madokotala amayamba kukayikira mitsempha. Analemba m'buku langa la kuchipatala n'kunditumiza ku chipatala chachikulu.

Kumeneko adokotala anaika chomvera chija pakhosi panga ndi pamimba, akufunafuna phokoso la magazi opanikizika, longa mphepo yodutsa pakabowo. Anatenga magazi oyeza ESR ndi CRP, zimene zimangoonetsa kuti m'thupi muli kutupa. Palibe kuyeza magazi kumene pakokha kungatchule matendawa, n'chifukwa chake pamafunika sikani. Asanandilowetse m'makina a sikani otchedwa CT anayamba aona ngati impso zili bwino, chifukwa amabaya mankhwala oonetsa mitsempha pachithunzi, amene amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Akangobaya, thupi lonse limamva kutentha kwa kanthawi. Musaope, zimatha msanga.

Pachithunzipo ndinadzionera ndekha: mtsempha wopita ku dzanja lamanzere utaonda ngati ulusi. Anati ndi Takayasu arteritis. Chitetezo cha m'thupi chimaukira mtsempha waukulu wa aorta ndi nthambi zake, makoma ake n'kutupa, njira ya magazi n'kuchepa. Dzinali ndi la Mikito Takayasu, dokotala wa maso wa ku Japan amene anafotokoza za wodwala wake mu 1908.

Amayi anga anangofunsa chimodzi: "Adokotala, kodi n'zakumtundu? Adzukulu anga atengera?" Funsoli linandilasa mtima chifukwa nanenso linkandisowetsa tulo. Yankho lake n'lakuti pali chibadwa chotchedwa HLA-B52 chimene chimapezeka kawirikawiri mwa odwala a ku Japan, Korea, India ndi Turkey, koma anthu ambirimbiri ali nacho osadwala, ndipo matendawa sayenda molunjika kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Amakonda akazi osakwana zaka 40. Maonekedwe akenso amasiyana: ku Japan amagwira kwambiri mitsempha ya kukhosi ndi m'manja, pamene ku India nthawi zambiri amatsikira m'mimba, kumitsempha ya impso, munthu n'kuyamba BP akadali wamng'ono. Poti amatchuka ngati matenda a ku Asia, munthu wakuda ngati ine amachedwa kuganiziridwa, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Ndinayamba ndi mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone. Nkhope inafufuma, njala osati masewera. Kenako anawonjezera methotrexate, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, pamodzi ndi folic acid. Anandichenjeza mwamphamvu kuti ndisatenge pakati ndikumwa mankhwalawa, ndipo ndikafuna mwana ndikambirane nawo kaye.

Dzanja lamanzere limanamiza makina, limaonetsa BP yotsika pamene ili yokwera. Choncho pachikuto cha buku langa ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti: "Yezani BP kumanja." Mwezi watha namwino watsopano anali atakulunga kale lamba kumanzere, ndinamulozera mawuwo, anamasula.